Njerwa za Zala Zitatu

Nangozo adali mtsikana wongotha kumene msinkhu pamene adapita pakhomo pa katekisiti Damiyano Chikhutu kukapempha kuti belu lilire. Mayi ake, Agata Nankhwazi, adali atamwalira m'bandakucha, ndipo mwambo wa parishi ya Msekeni udali wakuti mkhristu akatisiya, belu lizilira pang'onopang'ono kuti a kumunda aweruke, a kwaya atenge mabuku awo. Mtsikanayo adagwada pabwalo. Katekisiti sadatuluke n'komwe. Adayankhira pawindo, uku akumeta ndevu.

"Belu ndi la akhristu, mwana iwe. Amako adakathira ufa patsinde pa mpoza chaka cha chilala chija, ndipo afa asanabwezedwe mumpingo. Kawauze adzukulu akumbe kunja kwa malire a manda a akhristu."

Adzukulu, amene ntchito yawo ndi kukumba manda, adachita monga adauzidwira. Maliro adayenda chinunu, popanda nyimbo, popanda mtanda. Amayi a kwaya adabwera ndithu, koma milomo ili yotseka. Mmodzi yekha, Felesita, adayamba kung'ung'udza nyimbo ali panjira, mnzake n'kumutsina pamkono, iye n'kumeza mawu. Atatha kukwirira, Nangozo adathyola nthambi ya nkhadze, naizika kumutu kwa manda kuti asadzataye malo. Kusukulu ya mishoni sadabwerereko. Kuwerenga adamaliza kudziphunzitsa yekha ndi buku la nyimbo limene mayi ake adasiya, kufikira adaloweza nyimbo zonse, ngakhale kuti palibe adamumvapo akuyimba ndi imodzi yomwe.

Kuti mumvetse kulemera kwa chipongwe chimenechi, muyenera kudziwa mmene Msekeni adakhalira parishi. Makolo a mudziwu adatsika kuphiri nkhondo zitatha, namanga m'mbali mwa dambo. Ansembe oyamba ankabwera pa njinga mwa apo ndi apo, anthu n'kumapempherera pansi pa mkuyu, belu lawo lili chidutswa cha njanji chopachikidwa panthambi. Kenaka adauzidwa kuti akamanga tchalitchi cha njerwa, adzapatsidwa wansembe wawowawo ndi belu lenileni. Nyumba iliyonse idayenera kuumba njerwa zake. Kuumba idali ntchito ya amuna, akazi ankangotunga madzi. Koma Agata adali wamasiye, ndipo adakana kuti nyumba yake ichitiridwe chisoni. Adakwinya nsalu, nalowa yekha munkhuti, dzenje lija amapondamo dothi. Dzanja lake lamanzere lidali ndi zala zitatu zokha, zinazo zidapsa ndi moto ali mwana, ndipo njerwa iliyonse ankaidinda ndi dzanja limenelo isanaume, kuti pasadzapezeke wonena kuti nyumba yamasiye sidapereke kanthu. Khoma lonse la kumbuyo kwa guwa lidali lake. Chilala chidadza pambuyo pake, ana akufa ndi njala, ndipo Agata adachita zimene agogo ake ankachita mvula ikakana.

Zaka zidapita, Nangozo n'kumera imvi. Adakwatiwa, adaferedwa, ana ake adapita kutauni. Ankasoka zovala pakhonde la nyumba yake, m'mbali mwa msewu wochokera kutchalitchi kupita kumanda. M'tchalitchimo sadapondemonso. Akamadutsa pakhomo pake ankawongola khosi, ndipo anthu ankati ndi wodzikuza. Iye sadakanepo.

Chaka cha jubili chitayandikira, a parishi adagwirizana zogumula khoma la kumbuyo kuti akuze tchalitchi. Wotsogolera ntchitoyo adali wapampando wa parishi, Pasikali Chikhutu, mwana wa Damiyano uja, munthu wofatsa amene akakumana ndi Nangozo ankapezeratu chinthu choti ayang'ane pansi. Mmisiri adali Tobiyasi, wamkamwa mosatseka, amene ankakonda kupumira pakhonde la Nangozo akamaweruka.

"A Nangozo, m'mudzi muno muli mbava zopusa," adatero tsiku lina, akuvula chipewa. "Matumba a simenti ali pomwepo, wilibala ili pomwepo, munthu n'kumaba njerwa zakale, zodyeka m'mbali. Kodi umphawi wafika pamenepo?"

"Mwina mwayamba kuwerenga ndi maso a kachasu, a Tobiyasi."

"Ine? Ndidasiya chaka chatha."

"Mudasiya kugula. Kumwa simudasiye."

Adaseka onse, nkhani n'kutha. Koma mulu wa njerwa zogumulidwa pakhoma lija udapitirira kuchepa. Adaika mlonda, mlonda sadaone munthu. Adaunjika minga pamwamba pake, mamawa minga idapezeka monga adaisiyira, koma pansi pake pali mipata. Tobiyasi atabweranso pakhonde paja sadakhale pansi.

"Pali chimene ndaona," adatero motsitsa mawu. "Zikusowazo si njerwa wamba. Wakubayo akusankha. Akutenga zokhala ndi chidindo cha dzanja." Adatambasula chikhatho chake, napinda zala ziwiri. Kenaka adakumbukira amene akulankhula naye, nabisa dzanjalo kumbuyo.

Nangozo sadaimitse makina. "Mwabwera ndi chosoketsa kapena ayi?"

Masiku omwewo amayi obwera kokatunga madzi adayamba kufulumira kuchoka kudambo. Nkhuti yakale ija idali itasanduka thamanda lomera bango, ndipo dzuwa likangolowa kunkamveka phokoso limene achikulire okha adalizindikira: phwa! kenaka bata, kenaka phwa! monga mmene chikombole chodzaza dothi chimamvekera pochikhuthula pansi. Achule ankaleka kulira. Agalu, amene amauwa ngakhale tsamba, ankalowa pansi pa nkhokwe. Ena adati ndi ng'azi, ena adati ndi mphepo ikumenya bango, koma onena zimenezi sankapita kukaona.

Nangozo ankasunga chikombole cha mayi ake kudenga, pamwamba pa mtanda wa nyumba, pamene chidakhala zaka zonsezi chikudyedwa ndi anankafumbwe. Mmawa wina potsegula chitseko adachipeza pakhomo. Chidali chonyowa, dothi lofiira litamatirira m'makona. Adayang'ana kumsewu, nachitsuka mofulumira, nachibwezera kudenga. Sadauze munthu.

Lachisanu lina chisisira, Tobiyasi adafika akukankha njinga imene sidali yowonongeka.

"Ndakumana ndi mayi wina pamphambano," adatero. "Wafunda nsalu mpaka kumutu, nkata pamutu, njerwa imodzi pankata. Imodzi yokha, a Nangozo. Ndani amapindira nkata njerwa imodzi? Ndati, mwaswera bwanji mayi, iye zii. Ndabwerezanso, zii. Wandidutsa pafupi chonchi, ndipo fungo lake ndi la dothi la mvula yoyamba, chikhalirecho ndi mwezi uno wa fumbi."

"Nkhope mwaiona?"

"Sindinafune."

"Nanga mwaona chiyani?"

Tobiyasi adayang'ana dzanja lake. Usiku umenewo adagona kwa mlamu wake, poopa kudutsanso pamphambano.

Kufikira pamenepa anthu ankangonong'onezana. Chimene chidaulula zonse ndi maliro a mkulu wina wa mpingo. Pasikali adapita yekha kukakoka chingwe cha belu, anthu akumuona. Belu lidagwedezeka, lilime lake lidamenya chitsulo, koma chimene chidatuluka si kulira: lidangoti dii, ngati khasu logwera m'matope. Adakokanso, chimodzimodzi. Anyamata adakwera kukaona ngati muli chisa cha mbalame kapena mng'alu, sadapeze kanthu. Maliro a mkuluyo adanyamuka belu lisanalire, ndipo amayi achikulire a kwaya adayenda mitu ili pansi, aliyense akupewa maso a mnzake. Madzulo ake Felesita, amene tsopano ankayendera ndodo, adapita kwa bambo mfumu Kamzimbi, wansembe wachinyamata wochokera kutali amene sankadziwa za kale, namufotokozera zonse.

Mmawa mwake bambo mfumu ndi Pasikali adaodira pakhomo pa Nangozo. Iye adawapatsa mipando, yekha nakhala pamphasa, msana uli chilili.

"Mayi," adayamba wansembeyo, "za mizimu sindinena kanthu, chifukwa sindidziwa chimene chikuchitika. Chimene ndikudziwa n'chakuti mpingo udakulakwirani. Tikufuna tikayimbe pamanda a mayi anu, tiwadalitse, tiikepo mtanda. Adzukulu amene adakumba adatha onse, ndipo amayi amene adaperekeza sakukumbukira malo. Mwatsala ndinu. Tiperekezeni."

"Mwakumbukira lero chifukwa belu lakuchititsani manyazi pamaso pa alendo," adatero Nangozo. "Likadalira, mukadabwera?"

Wansembeyo adayankha mosabisa: "Sindikadabwera, mayi. Sindikadadziwa."

"Inu simukadadziwa. Nanga awa?"

Pasikali ankapotokola chipewa m'manja. "Ndinali kuseri kwa chitseko tsiku lija, a Nangozo. Ndinakuonani mutagwada."

"Ndiye kafunseni amene adalamula. Ali mkati mwa malire, pali chiliza cha simenti, simungasochere."

Alendowo adatsazika. Mudzi wonse udati Nangozo waumitsa mtima, ndipo iye adalola kuti anene choncho, pakuti kutchedwa wouma mtima kudali kopepuka kusiyana ndi choona. Choona chidali chakuti malowo sankawadziwa.

Kumanda sikulowedwa wamba. Munthu amalowako pa maliro pokha, kapena eni manda akaloleza. Mayi ake atangoikidwa, Nangozo ankati akaperekeza maliro ena amaima patali, osayang'ana kumadzulo kuja, kuti anthu asamuone akulira pa manda a wokanidwa. Patapita zaka zingapo, a parishi adaganiza zolimbitsa malire pakati pa akhristu ndi ena, ndipo adadzala mpanda. Mpandawo udali wa nkhadze. Tsiku limene Nangozo adalimba mtima n'kutembenuza maso, adaona mzere wautali wa nkhadze zofanana, yake ija itamezedwa pakati pa zinzake, kuseri kwake kuli thengo. Akadafunsa adzukulu nthawi imeneyo, akadamuonetsa. Koma akadafunsa bwanji? Mudzi ukadati mwana wa Agata, wodziwa kuwerenga uja, wokweza khosi uja, wataya manda a mayi ake. Adati adzafunsa chaka chamawa. Adzukuluwo adamwalira mmodzimmodzi, iye n'kumawaperekeza.

Tsiku limene alendo aja adabwera sadasoke. Dzuwa litapendeka adayang'ana kudenga, napeza chikombole palibe. Adatuluka nakhala pakhonde, manja ali pamiyendo. Msewu udali wopanda munthu, pakuti masiku amenewo ana ankaitanidwa kusanade. Kudambo kudamveka phwa! kamodzi kokha. Kenaka mphepo idabweretsa fungo la dothi lonyowa.

Munthu wofunda nsalu, njerwa ili pankata, adatulukira cha kumphambano, akuyenda pang'onopang'ono, monga amayendera wosenza chinthu chimene sichinaume. Atafika moyang'anana ndi khonde adaima, osatembenuka. Nangozo sadaone nkhope, ndipo sadayese kuiona. Adaona mapewa okha, limodzi lotsikirapo kuposa linzake. Mapewa amenewo adawatsatirapo ali mwana, popita kumunda ndi pobwerera.

Adanyamuka. Wosenza njerwayo adayambanso kuyenda, iye pambuyo, mpata pakati pawo osachepa, osakula. Adadutsa mkuyu wakale, adadutsa minda ya fodya. Pamene njira imalowa m'mitengo ya kumanda, Nangozo adaima, pakuti mwambo sulola. Winayo adaimanso, nsalu yake ikuoneka mwa apo ndi apo pakati pa mitengo.

"Amayi," adatero Nangozo, ndi mawu amene sadawagwiritse ntchito chiyambire utsikana wake, "ndidataya malo."

Nsalu ija idalowa mumdima wa mitengo, cha kumadzulo. Patapita kanthawi adamva kaphokoso kakang'ono, ka chinthu cholemera chikuikidwa pansi mosamala.

Kutacha adavala nsalu yake yabwino, naloza kutchalitchi. Amisiri adaleka ntchito pomuona akulowa pachipata. Adapeza bambo mfumu ndi Pasikali ataima pa khoma logumulidwa lija, ndipo sadapemphe kuti apite pambali. Adalankhula pomwepo, Tobiyasi ndi anyamata ake akumva.

"Dzulo ndinakuyankhani mwamwano kuti ndibise manyazi anga. Manda a mayi anga sindikuwadziwa. Ndidazika nkhadze kumutu, inu mudadzala mpanda wa nkhadze, ndipo ine ndidanyada osafunsa. Ngati mukufuna kuseka, sekani ndili pompano."

Palibe adaseka. Pasikali adakhala pansi pa mulu wa mchenga ngati wamenyedwa.

"Mpanda umenewo tidadzala ndife, ana a sukulu," adatero. "Abambo ndiwo adatituma. Tidapeza nkhadze imodzi itamera kale cha kumadzulo, ndipo ndine ndidati timangirire chingwe pamenepo kuti mzere uwongoke. Tidakondwa kuti yatichepetsera ntchito."

"Mukuikumbukira?"

"Ndinali mwana, a Nangozo. Zonse zikufanana tsopano."

"Tiyeni tikayang'ane kumadzuloko," adatero Nangozo. Sadanene chifukwa chake, ndipo palibe adamufunsa.

Adapempha chilolezo kwa eni manda, ndipo Loweruka mmawa adzukulu adatsogola ndi zikwanje. Pambuyo pawo padali bambo mfumu, a kwaya, ndi mudzi wonse, ngakhale amene sadaitanidwe. Adayenda kunja kwa mpanda, akulambula zitsamba ndi chitedze. Thengolo lidali lowirira, losonyeza kuti simudadutse munthu kwa zaka zambiri. Akangaude adali atatchinga paliponse. Mdzukulu wotsogola adadula chitsamba china, naima, chikwanje chili m'mwamba. Kenaka adavula chipewa.

Pansi pa nkhadze ina, yonenepa tsinde kuposa zinzake, padali njerwa zoyalidwa mozungulira malo a utali wa munthu. Zidali zakale, zodyeka m'mbali, zina zikadali ndi laimu wa m'tchalitchi, ndipo iliyonse idayang'anitsa chidindo chake kumwamba. Udzu wozungulira sudali wopondedwa. Kumutu kudali njerwa imodzi yosiyana ndi zinzake: yosaotcha, yofiira, yonyezimira ndi madzi. Pambali pake padali chikombole.

Tobiyasi adagwada, natseka diso limodzi, nayang'ana mzerewo. "Popanda chingwe," adanong'ona. "Ine sindingathe."

Mnyamata wina adatambasula dzanja kuti akhudze njerwa yaiwisiyo. "Isiye," adatero Nangozo. "Sinaume."

Bambo mfumu adavala nsalu yake ya pakhosi, nawaza madzi, nakodola a kwaya kuti ayambe. Koma a kwaya adangoima. Achinyamata ankayang'ana achikulire, achikulire ankayang'ana njerwa. Wotsogolera nyimbo, poti wamva kuti Nangozo amadziwa buku lonse, adamuyandikira.

"Mayi, mwina mutiyambitsire ndinu."

"Ine ayi. Wokana kuyimba sindinali ine."

Utomoni wa nkhadze zodulidwa unkamveka ukudontha pamasamba ouma. Kenaka Felesita adasuntha ndi ndodo yake kufika kutsogolo. Sadayambire pachiyambi. Adayambira pakati pa ndime, pamene adalekera tsiku lija atatsinidwa, ndi mawu okalamba, onjenjemera. Amayi anzake awiri adamulandira akulira, kenaka kwaya yonse. Atafika kumapeto adafuna kudumphira nyimbo ina, koma Nangozo adakweza dzanja.

"Mwasiya ndime yachinayi."

"Imeneyo sitiyimba masiku ano, mayi, ndi yaitali."

"Adikira nthawi yaitali kuposa ndimeyo. Ndikuuzani mawu, inu muyimbe."

Adawauza mzere ndi mzere, mosayimba, ngati mphunzitsi, iwo n'kumayimba. Adayimba nyimbo za kunyumba ya siwa, za panjira, ndi za pokwirira, mwa dongosolo lake, dzuwa likuwawotcha, ndipo palibe adapempha kukhala pansi. Ali mkati moyimba, Pasikali adachoka mwakachetechete. Adamuona akuthamanga mumsewu, munthu wa imvi, jekete lili m'manja.

Nyimbo yomaliza itatha, anthu adaima osadziwa chochita. Mphepo idaleka. Nangozo adayang'ana njerwa yaiwisi ija, naona kuti m'mbali mwake mwayamba kuyera.

Pamenepo kuchokera kumudzi kudamveka kulira kumodzi, koyera, kotalika. Kudakhala bata. Kenaka kwinanso.

Mtanda adauzika tsiku lomwelo. Tobiyasi adamanga chiliza ndi njerwa zomwezo, osasuntha ndi imodzi yomwe pamalo pake, ndipo gawo la mpanda loyang'anana ndi mandawo adalidula. Kudambo sikudamvekenso kanthu. Pa jubili, pofotokoza mbiri ya parishi, dzina la Agata Nankhwazi lidatchulidwa pakati pa omanga tchalitchi. Nangozo adamvera ali panja, pansi pa mkuyu, pa mpando umene adabwera nawo yekha.

Belu limene adapempha atagwada ali mtsikana lidalira pa Loweruka lija la kumanda, pang'onopang'ono, monga mwa mwambo, ndipo woliliza adali mwana wa Damiyano Chikhutu.